Mabatire Atatu

Ndinagona kamera itakhuta,
timizere tonse tinayi tili ndendende.
Kutacha, kamodzi kokha, kofiira,
kakuphethira ngati diso la mwana wodwala malungo.
Wadya moto ndani usiku,
chitseko chili chokhoma, chikwama chili kumutu kwanga?

Loweruka ku Khombedza ndinalawa manyazi.
Mphete ili pansonga ya chala cha mkwatibwi,
abusa atakweza dzanja,
kamera yanga zii.
Ankhoswe anandiyang'ana ngati ndaba mbuzi.
Ndinabweza theka la ndalama,
n'kupalasa njinga osalawa ndi mpunga womwe.

Ndinayamba ndi kuloza chala Esikomu,
ndani sayiloza?
Kenako chaja. Ndinabwereka ya Bwanali wa mapasipoti
pa Kamuzu Road: chimodzimodzi.
Ndinapukuta timano tamkuwa ndi labala,
ndinasintha khadi, ndinazula lenzi,
ndinadetsa sikirini mpaka anthu kuoneka ngati mizukwa.
Ena anati ndi dzuwa la Salima,
si limafewetsa ndi phula lomwe pamsewu?

Ndiye ndinawandandalika pamphasa, onse atatu,
n'kuwadontheza kyutekisi wa mayi a kunyumba
kuti ndisawasokoneze.

Lofiira ndi mwini khomo, linabwera ndi kamera
zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo.
Mimba yayamba kutupa,
potuluka mpaka kulikoka ndi chikhadabo.
Koma silinama. Likati ndatopa, latopadi.
Zithunzi zana ndi makumi anayi.

Lobiriwira ndinagula ku Malangalanga,
pamsana pake manambala onenepa,
m'manja lopepuka ngati chitsononkho.
Limalonjeza ngati wofuna mavoti:
tinayi, tinayi, tinayi,
kenako mdima, osatsanzika n'komwe.
Wogulitsa anati, "Bwana, ili ndi orijino kuposa orijino."
Lisiti analibe.

Lachitatu dzina lake silitchulika,
anabwera nalo Saukila pa lole ya ku Dar.
Kamera imalifunsa kawiri ngati wapolisi pa rodibuloko
isanalilole kudutsa.
Zithunzi mazana atatu ndi nyenyeswa.
Limatentha thupi pochaja,
ndimaligoneka pasimenti, kutali ndi neti.

Zonsezi ndinalemba m'kope la masamu
lomwe anasiya Lameki.
Koma onse atatu, nkhalamba, wabodza ndi mlendo,
akagona m'mimba mwa kamera
kunkacha atauma.
Ndiye kuti wakuba sali m'batire.

Esinati wokonza mafoni kuseri kwa depoti
sanamasule ndi sikuluu imodzi yomwe.
Anangoyendetsa chala m'menyu,
n'kuima pa kachizindikiro kabuluu.
"Bambo, kamera yanuyi sigona.
Mukaithimitsa imangotsinzina,
usiku wonse ikuitana foni.
Lameki A12 ndi ndani?"

Ndi mwana wanga.
Ankakokera zithunzi m'foni mwake
n'kutumizira makasitomala, ine ndisanapukute thukuta.
Anakwera basi ya ku Joni mu Epulo.
Waimbapo kawiri.

"Ndithimitse?"
Chala chake chili m'malere.
Panja kondakitala akukuwa, Nkhotakota, Dwangwa, mmodzi yekha!
Wamandasi akufunsa ngati alipo wosintha faifi sauzande.
Ndinayang'ana dzinalo, zilembo zing'onozing'ono zoyera,
anazilemba yekha, atakhala pa ndowa yovundikira,
akundiseka kuti zala zanga n'za khasu.

Ndinati thimitsani, mayi.
Loweruka ndili ndi ukwati ku Chipoka,
Lolemba ana a fomu folo akufuna za mayeso.
Koma dzinalo musafufute.

Tsopano kumacha timizere tili tinayi.
La ku Dar limagwira tsiku lonse,
lofiira limadikira m'thumba la malaya ngati mlonda wokalamba,
lobiriwira ndinachirikizira mwendo wa tebulo logwedera,
ntchito yoyamba yomwe lagwira moona mtima.

Yatsala ndi foni yanga.
Ndimagona nayo kumutu, voliyumu mpaka kumapeto,
ndikatembenuka ndimaiyatsa, ndikamva galu ndimaiyatsa.
Kumacha ili pa kamzere kamodzi.
Imeneyi sindipita nayo kwa Esinati.