Dontho Pansi pa Thirakitala

Ku Saskatchewan, mu Januwale,
chisanu chimaluma chitsulo mpaka chitsulocho kulira.
Bambo anga, a Orest Wasylenko,
amadzuka kusanache
kukaika mbale ya makala pansi pa thirakitala yofiira
ngati akuothetsa moto nkhalamba inzawo.
Oyilo wam'mimba mwake amagwirana usiku wonse
ngati uchi woiwalidwa m'botolo.
Ukapotokola kiyi, injini imangobuula kawiri
n'kubwereranso kutulo.

Ndinabwera kuchokera ku Yorkton ndi chigubu chonyezimira.
"Bambo, uyu ndi oyilo wamakono,
wokonzedwa dontho ndi dontho ndi anthu a makhoti oyera.
Sauma m'chisanu, sapserera m'chilimwe,
amafika ku mapisitoni musanaphethire n'komwe."

Anachitembenuza, anaona mtengo, analiza mluzu.
"Halyna, injini iyi yadya chakudya chimodzimodzi
zaka makumi asanu.
Ukaipatsa zonona lero, itsegula m'mimba."

Ndinaseka.
Ndine makaniko, satifiketi yanga ili pakhoma.
Lamlungu, iwo ali kutchalitchi,
ndinagona chagada pa simenti yozizira
n'kumasula nati yapansi.
Wakale uja anatsika mwaulesi, wakuda bii ngati phula,
akununkha zokolola zonse za tirigu
kuyambira ndisanabadwe.
Ndinathira watsopano, woonekera ngati tiyi wopanda mkaka.

Lolemba injini inalira ndi kupotokola kumodzi kokha.
Bambo anaima pakhomo la galaja,
mbale ya makala ili m'manja,
kusowa poiika.

Masabata atatu ndinayenda mapewa ali m'mwamba.
Kenako, dontho.
Kadontho kang'ono ngati ndalama yachitsulo,
mawa lake ngati sosala,
pofika Lachisanu ngati mapu a dziko losadziwika.
Oyilo wanga, pokonda ukhondo,
anatsuka litsiro lonse la zaka zija,
pamene litsirolo ndilo linkamata ming'alu
m'malabala ouma a injiniyo.
Sindinkadziwa kuti chinthu
chingagwirizidwe ndi zonyansa zake zomwe.
Kapena ndinkadziwa, za m'buku,
koma m'buku simudontha.

Bambo sananene kuti ndinakuuza.
Anadula katoni n'kuiyala pansipo
monga amayalira mphasa mlendo wodwala.

Tinasintha malabalawo tili awiri,
ine pansi, iwo akundipatsira masipanala.
Sikuluu ina inawakanda pachala,
kabala kosayenera ngakhale kukatchula,
koma magazi anayenderera osaleka,
kufiiritsa nsanza, kudonthera pakatoni pambali pa oyilo.
"Ndi mapilitsi a dokotala Friesen aja," anatero.
"Akuti magazi anga anali olemera,
ankachedwa kufika kumtima m'mawa.
Tsopano amathamanga ngati a mnyamata,
koma chikopachi n'chakale."

Ndinawamanga chalacho ndi tepi yakuda yamagetsi.
Tinakhala chete, mphepo ikugogoda malata.

Thirakitala tsopano imamwa wamakono, ndipo sidontha.
Mbale ya makala ija amadyeramo amphaka.
Bambo amadzukabe kusanache,
amapita kugalaja, amayang'ana simenti youma,
n'kubwerera kukhitchini opanda chochita.

Koma kuseri, pansi pa lona,
pali galimoto yobiriwira ya malemu mayi anga,
imene imayenda kamodzi pachaka, nyengo ya Pasaka,
kupita kumanda ndi kubwerako.
Ija imadontha pang'ono, imafuka utsi wabuluu,
imanunkha ubwana wanga wonse.
Nditaiyandikira ndi chigubu chotsala,
anandigwira mkono ndi chala cha tepi chija.

"Imeneyo usaitsuke m'kati, mwanawe.
Sindikudziwa chimene chikuigwira.
Chisiye chigwire."