Kalata ya Jailosi Nampuluma

Zaka makumi atatu ndinadinda makalata pa positi ya pa Chitakale,
chidindo chinandipinda chala ichi, taonani,
koma imene inandikanika ndi imodzi yokha:
envelopu yakhaki, sitampa ya mbalame yosadziwika kwathu,
pamwamba mawu atatu basi,
Jailosi Nampuluma, Mulanje.

Wolembayo ankayesa dzina lili ndi khomo limodzi.
Kuno dzinalo linali ndi misana itatu.

Woyamba anali wamacheka.
Ankakwera phiri mame asanadzuke,
n'kutsika ndi thabwa la mkungudza pankhata,
mapazi osavala akuwerenga miyala ya ku Likhubula
ngati ndime yoloweza pamtima.
Zitseko za tchalitchi chathu zinatsika pakhosi pake.
Chiperoni chikameza njira,
akuti iye ankachita kununkhiza kumene kuli mudzi.
Anamuika m'manda akununkhirabe utomoni.

Wachiwiri anapita kunkhondo ya azungu ndevu zisanamere,
anabwerako ndi khutu limodzi logontha,
mamendulo awiri m'chitini cha fodya,
ndi lipenga lopindika
limene ankadzutsira othyola tiyi pa esiteti.
Za kumeneko sankasimba.
Ukamufunsa ankangoti, "Kunali mvula,"
ngati kuti ife a ku Mulanje mvula sitiidziwa.

Wachitatu anali aphunzitsi, aafupi, jekete yotuwa ndi choko.
Sukulu yawo inali kutsidya kwa Lichenya.
Dzinja, mtsinje ukatupa,
ankapinda buluku mpaka m'ntchafu
n'kumawolotsa ana mmodzimmodzi, sileti ili pamutu.
Makalaliki angati a boma lino
anafika pa a e i o u atakolowekera manja m'khosi mwawo?

Kalata inafika onse atatu atagona kale.

Mphekesera ilibe msonkho:
kwabwera ndalama za kunja!
Ana a wamacheka analawirira,
wamasiye wa msilikali anadza ndi chitini chija m'mpango,
adzukulu a aphunzitsi ndi chithunzi cha m'galasi.
Anakokana pakhonde mpaka ogulitsa nanazi anasiya malonda.
Dzuwa litapendeka anati,
"Tsegula iweyo wapositi, uwerenge tonse timve."

Munalibe cheke.
Munalibe keyala yobwezera.
Pepala limodzi, zilembo zonjenjemera za dzanja lokalamba:
"Simungandikumbuke.
Munandibereka kumsana tsiku limene miyendo inandikana.
Ndakhala moyo wautali.
Ndili ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri.
Zikomo."

Kunamveka ntchentche yokha pawindo.

"Ndi mlendo uja anathyoka mwendo pa Chambe,"
anatero mwana wa wamacheka, motsitsa mawu.
Wamasiye anapukusa mutu:
"Alipo amene bambo ankamutchula kutulo,
ankati gwiritsa, tatsala pang'ono."
Adzukulu a aphunzitsi anayamba kuwerenga owoloka,
zala zinawathera.

Ndipo amene anabwera akulimbirana
anayamba kukankhirana:
tengani inu, mwina ndi ya bambo anu,
ayi, ikuoneka ngati ya kwanu.
Anabalalika chamadzulo, kalata ili pakauntala.

Ndinapuma nayo ntchito. Ndikuvomera, ndinaba katundu wa boma.
Imakhala m'thumba la malaya, mapindo ake atayamba kung'ambika.

Lachiwiri lapitali mawondo anandikana pobwera kuchipatala,
ndinakwera kabaza.
Mnyamata woonda, malaya atamatirira kumsana ndi thukuta,
anapalasa chitunda chonse osanditsitsa,
tiyi akudutsa wobiriwira uku ndi uku.
Pomulipira ndinafunsa dzina.
"Jailosi," anatero, akufunafuna chenje.
"Nampuluma. Akuti ndinatengera agogo."
"Ati mwa atatuwo?"
Anaseka. "Kodi analipo atatu?"

Dzanja langa linafika pathumba,
linakhudza khaki uja,
koma mayi wina wa thumba la chimanga anali atamuitana kale,
ndipo msana uja unatembenuka,
kulowera ku Nkhonya.