Tisanatsike Chowe

Azana isanamveke ku mzikiti wa pa Namwera
ine ndatsegula kale boneti,
tochi ndamuluma ndi mano,
nsanza ya malaya a bambo ili m'dzanja.

Ndisolola kandodo ka oilo,
ndipukuta, ndibwezera, ndisololanso.
Bambo ankati koyamba galimoto imanama,
kachiwiri ndiye imanena zoona.
Oilo wafika pakati pa timizere tiwiri,
wada ngati tiyi wa kwa Che Sumani wopanda mkaka,
koma sanafike pa phula.

Madzi mu lediyeta ndimathira injini ikadali yozizira.
Chipsera cha pa mkono wa mchimwene wanga Twaibu
chinandiphunzitsa zimenezo
popanda kulankhula.

Kenako ndizungulira matayala
monga munthu wozonda odwala m'wodi.
Lakutsogolo ndiliponda ndi chidendene, lalimba.
Lakumbuyo kumanzere likudyeka mbali imodzi,
layamba kusalala ngati chikhatho.
Sabata yamawa, ndikagulitsa nandolo.
Sabata yathanso ndinatero.
Manati ndiwayesa ndi sipanala limodzilimodzi,
lachinayi linali litayamba kumasuka lokha usiku,
ngati mwana wofuna kuthawa pakhomo.

Kumbuyo amayi akhala kale pa madengu a tomato.
“Abiti Lifa, tinyamuke!
Msika wa pa boma sudikira munthu.”
Ndiwayankha ndi mutu.
Kamng'ono kanga Dunia kaima kumbuyo, kakuyasamula.
Ndiponda buleki.
“Zayaka!”
Ndiloza kumanja.
“Ikuphethira!”
Ndiloza kumanzere.
Chete.
Ndituluka, ndigwedeza kawaya, ndiuzira fumbi,
mpaka kamwana kakuwa ngati kawina mpira.

M'kabokosi ka kutsogolo muli kope la sukulu
lodetsedwa ndi zala za girisi.
Dzanja la bambo lopendekera:
tsiku, makilomita, oilo, sefa, batire.
Zaka zisanu ndi zinayi osadumpha mwezi.
Mzere wawo womaliza umati,
“Mabuleki akulira. Lolemba kwa Kaisi.”
Lolemba limenelo sanapiteko.

Mukuyembekeza kuti ndinena za ngozi.
Ayi.
Anamwalira pa bedi ku chipatala cha boma,
shuga atawadya mwakachetechete,
matenda omwe sanawalembe m'kope lililonse.
Munthu wakumva kulira kwa lamba wa injini
galimoto ili kutsidya kwa msewu
sanamve thupi lake likugogoda.

Kwa Kaisi ndinapita ndine, titachotsa msasa wa maliro.
Mdalayo anandionetsa zogwirira mabuleki
zitapyapyala ngati chikhadabo,
napukusa mutu, osandilipiritsa ntchito.
Pansi pa mzere wa bambo
panayambira dzanja langa.

Tsopano Chowe uyo.
Phiri ili silifunsa ngati unali ndi changu.
Ndilowetsa giya yachiwiri,
injini ibuula, igwira katundu pamsana,
phazi lingokhudza buleki, kusiya, kukhudzanso.
Pa kona yachitatu anyani akhala pa mwala
kuyang'ana chigoba cha lole ya chaka chatha.
Amayi kumbuyo asiya macheza.
Ndinunkhiza mphepo: palibe fungo la kupsa.

Pansi, tisanawoloke Shire,
wapolisi aima ndi dzanja m'mwamba,
awerenga kapepala ka pagalasi, andilola.
Kapepalako kali bwino mpaka Okutobala,
koma sikanagwirepo buleki ngakhale kamodzi.

Madengu atsika, ndalama ndamanga pa nsonga ya chitenje.
Tayala lija ndafunsa mtengo pa sitolo ya pafupi ndi depoti,
ndasiyako theka, Lachisanu ndidzatenge.
Ndikhoma zitseko, ndiyenda wapansi
kukaima pa mzere wa kuchipatala.
Namwino andimanga lamba pa mkono, apopa,
andibaya chala, atchula manambala.
Ndimupempha abwereze.

Ndatembenuza kope la bambo,
ndayambira tsamba la kumapeto.
Tsiku.
Dzina langa.
Manambala aja.