Mawu Odulira

Mawu aja ndinayamba kuwamva kwa bambo anga
m'khitchini mwathu ku Greenock, panja chipale chofewa chikugwa.
Anakhuthula makobidi patebulo, nawawerenga kawiri,
kenako anati, "Ana inu, tiyenera kuritirencha."
Ine ndinkayesa ndi dzina la matenda.

Tanthauzo lake tinalimva ndi khungu.
Mbaula yamagetsi inkayaka waya umodzi m'malo mwa awiri,
batala anasanduka majarini,
masamba a tiyi wam'mawa ankabwereranso madzulo atatuwa,
ndipo nsapato za Morag zinafika kwa ine
zitadziwa kale misewu yonse ya m'tauni.

Nditakula ndinawafufuza m'buku lotanthauzira mawu.
Akuti kwawo n'ku Falansa, kumene amatanthauza kudula.
Akutinso asilikali akale, linga likagumuka,
ankakumba ngalande ina chakumbuyo n'kubisalamo.
Ndinawakonda mawuwo:
kubwerera m'mbuyo pang'ono kuti mawa likupeze.

Lero ndine kalaliki pakampani yokonza sitima zapamadzi.
Lachiwiri bwana Rennie anandipatsa pepala.
"Elspeth, taipa ichi, koma mawu ake akhale ofewa."
Mawu aja ndinawapeza pamzere wachitatu,
atasamba, atavala tayi,
pansi pake mayina makumi anayi ndi awiri.

Dougie Maclure, wowotcherera zitsulo,
amene amandisungira mpando m'basi kukamagwa mvula.
Ishbel wa kukantini,
yekhayo wodziwa kuti ine sindithira shuga.
Mnyamata wina wa ku Port Glasgow
yemwe ovololo yake sinathe n'komwe kununkha sitolo.

Bambo anga anadula malasha, anadula nyama ya Lamlungu,
chaka china anadula ndudu zawo mwezi wathunthu
mpaka anayamba kukangana ndi wailesi.
Koma mipando patebulo inali isanu
ndipo inakhalabe isanu.

Buku lija silinena kuti wagwira mpeni ndani.
Silinenanso kuti pokumba ngalande yachiwiri ija
ena amatsala kunja kwake,
akuyang'ana dothi likuponyedwa.

Ndinataipa. Ndinapinda makalata, ndinamata maenvulopu,
lilime likuwawa ndi guluu.
Cha m'ma faifi Dougie anagogoda pawindo,
akuloza wotchi, kuti basi itisiya.
Ndinamukodola kuti atsogole.

Potuluka ndinazimitsa magetsi onse,
monga likunenera lamulo latsopano la kampani.