Belu Langa Limalira Kanayi Kokha

Tinafika Lachinayi, dzuwa likuswa mtengo.
A ku Malindi anatsika pa lole ya mpunga,
a ku Namwera atafunditsa mabelu mabulangete
ngati makanda opita kusikelo,
ife a ku Ntaja pamakabaza asanu,
kuwoloka mlatho wa Shire titakumbatira mabokosi,
wakabaza akundifunsa: kodi ndi mazira, mayi?

M'holo ya parishi matebulo anali atayalidwa kale nsalu.
Bambo Mtalimanja, mphunzitsi wopuma,
amene ndodo yawo ndi sipoko ya njinga,
anati: muno mulibe mwini nyimbo.
Aliyense ali ndi liwu limodzi, akalemera awiri,
otsalawo akapemphe kwa mnansi.

Langa ndi laling'ono, chogwirira chake chosokedwa ndi ulusi wa nsapato.
M'nyimbo yonse ya masamba asanu ndi limodzi
limalira kanayi kokha.
Kwinako ndimangowerenga chamumtima,
thukuta likuyenderera m'golovesi,
ntchentche itatera pamzere womwe ndikudikira.

Kuliza tinaphunzira msanga.
Chimene chinatidyera Lachisanu lonse ndi kuletsa:
kugunditsa mlomo wa belu paphewa
kuti liwu lako lisalime m'munda mwa mnzako.
Ine amene kwathu amati ndinameza wailesi,
phewa linachita kufiira.

Masana, tili pakati pa tsamba lachitatu,
mwazini anaitana kumzikiti wa tsidya la msewu.
A Mtalimanja anatsitsa sipoko.
Anthu makumi asanu ndi limodzi, zii.
Lukiya wa ku Malindi, mwini belu lotsatana ndi langa,
anandinong'oneza: amenewo ndi atsibweni anga,
amadana ndi tsabola, ati amawononga kukhosi.
Ndinafuna kuseka,
koma pomwe mkuluyo anakoka mawu motalika
belu langa, lili lende m'dzanja,
linanthunthumira lokha.
Sindinauze munthu.

Loweruka Esinati wa ku Namwera anagwa malungo.
Mabelu ake awiri anatsala chafufumimba patebulo
ndipo nyimbo inamveka ngati m'kamwa mogweluka mano.
Tinakangana mpaka tiyi kuzizira,
ena ati tidumphe, ena ati tisinthe nyimbo,
kenaka mnyamata wosesa m'holo, Twaibu,
amene anakhala akutimvetsera masiku atatu atatsamira tsache,
anavala magolovesi a Esinati, zala zikutsala panja.
Analakwa kawiri. Kachitatu a Mtalimanja sanamuyang'anenso.

Lamulungu magetsi anathima tisanayambe.
Wamakina anatukwana chapansipansi, nkumapinda zingwe zake,
ife mkuwa wathu sufuna mayunitsi.
Anthu anadzaza mpaka m'mawindo,
amayi ogulitsa mandasi atatula mabeseni pakhomo,
ana a madarasa, tizipewa toyera, atakwera pampanda.

Koyamba ndinaliza bwino.
Kachiwiri, kachitatu, phewa linagwira ntchito yake.
Ndiye mabelu akuluakulu a ku Malindi anayamba pansi
ngati ng'ombe zobwerera kukhola,
Twaibu nkuyankha, Lukiya nkulandira,
ine ndinaiwala kuwerenga.
Ndinangoima kukamwa yasa, ngati ndalipira pakhomo.
Malo anga anafika, anadikira pang'ono,
anapita.

M'manja munaombedwa ndithu.
Lukiya yekha anandiponda chala, osayang'ana kumbali.
A Mtalimanja popatsana moni wotsazikana
anandigwira dzanja nthawi yaitali nkunena:
mwatisungira limodzi la chaka chamawa.

Pobwerera bokosi linali litadzaza ndi mabuku a nyimbo,
belu ndinalikulunga m'chitenje, pamiyendo.
Wakabaza yemwe uja anafunsa ngati tapambana.
Ndinati kunalibe mpikisano.
Anapukusa mutu, ulendo wonsewu?
Pakati pa mlatho tayala linagunda pamphako,
chitenje chinamasuka,

ngee.

Msodzi wina pansi, m'bwato, anadzutsa mutu.