Mphambano ya Pakhosi

Sitiroko itawalanda kumeza bambo anga, a Likaka,
namwino anawalowetsa kapaipi m'mphuno
nati, "Mwanawe, pakamwa pawo ndi pano tsopano."
Ndinaphunzira msanga.
Phala ndinkalisefa kawiri pakansalu,
n'kuliyesa padzanja ngati la khanda.

Lachitatu usiku anadzikanda kumaso,
kapaipi kanasololoka.
Kanabwezedwa magetsi atazima,
tochi ya foni ataluma ndi mano
namwino mmodzi wa mabedi makumi anayi.

M'mawa ndinakankha sirinji.
Anatsokomola. Ndinati n'chisanu chabe
chotsika m'phiri la Zomba.
Ndinakankhanso.

Pofika madzulo chifuwa chinkawira
ngati Likangala mvula itagwa kumtunda,
milomo itabiriwira.
Dokotala anakweza chithunzi cha ekisire pawindo:
kamzere koyera kakhotera kumanja,
kasiya njira ya kumimba,
kalowa m'nyumba ya mpweya.

Palibe anandiuza kuti pakhosi pali mphambano.

Lero akupumira botolo lobwata thovu.
Ine ndakhala pasimenti, m'mbali mwa bedi,
bakuli la phala lazizira pamiyendo,
ndikungoyang'ana chala changa chachikulu,
chomwe chinakankha.