Dzenje Limodzi pa Lizulu

Ndodo ndili nazo zitatu basi,
imodzi yokulunga ndi mphira ya njinga pogwirira.
Zinabwera nane pabasi kuchokera ku Lilongwe
nditatula zikwama za mabwana,
zaka khumi ndi zinayi, phewa lamanja litapendekeka.

Lachitatu belu likalira
aphunzitsi a Kadzakumanja amandibwereka bwalo
ndi ana a Sitandade 5, makumi anayi ndi kanthu,
milomo yong'aluka ndi mphepo ya Juni,
manja m'khwapa.
Dzenje ndi chitini cha matimati tinakwirira pafupi ndi golo,
mbendera ndi thumba la feteleza pansungwi.

Onse amaigwira ngati khasu.
Ndiwadzudzule bwanji? Mbatatesi zili pamsika apo
zikuwadziwa manja awa.
Ndimati: musateme, ana inu, nthaka sinalakwe.
Sesani.
Mapazi atalikirane ngati mapewa,
mawondo afewe,
maso pampira. Pampira! Osati kumene ukupita,
sufuna operekeza.

Fwii! Mphepo yokha.
Fwii! Chibuma chauluka, mpira uli phee,
kuwayang'ana ndi timaso take tambirimbiri.
Phwete lake, mpaka mbuzi kumwazika.

Zione ndi wamanzere, ndodo zanga n'zamanja.
Anaitembenuza, mphuno yake kuloza pansi,
n'kumenya mwa njira yomwe ku kalabu sindinaione.
Thwa! Kampira kanadutsa chimbudzi cha anyamata,
kanadutsa mabulugamu,
kananjanja kawiri patala
n'kukagona m'munda wa kabichi, tsidya, ku Mozambiki.
"Watuluka dziko wopanda pasipoti!" anakuwa Ganizani,
ana asanu ndi awiri n'kuwoloka msewu kukaugwira.
Anabwera nawo, pamodzi ndi moni wa Chipwitikizi
ndi nzimbe imodzi.

Chovuta si kumenya ayi.
Chovuta n'kuwauza kuti wopambana ndi wa zochepa.
M'kalasi wa zochepa amatsala kukolopa,
pano zitatu ziposa zisanu ndi zinayi.
"Nanga refu ndani?"
Palibe. Aliyense amadziwerengera yekha.
Anandiyang'ana monga ayang'anira kasitomala
wolipira osanenerera mtengo.

Sabata yatha Lekereni,
kamnyamata kosowa mawu, ka juzi lofika m'mawondo,
kanalowa m'tsekera kuseri kwa ofesi kutsata mpira.
Palibe anakaona.
Ine ndinali kuchotsa chisoso pabuluku.
Kenaka gobede! m'chitini,
anzake: "Faifi! Faifi!"
Iko kanapukusa mutu.
"Sikisi. Kuudzu kuja ndinaukhudza, unasuntha pang'ono."
Pang'ono bwanji?
Kanaonetsa ndi zala ziwiri:
mpata wa kanjere ka nyemba.

Ndinatembenuka
ngati ndikuona nkhungu ikutsika m'phiri.
Zaka khumi ndi zinayi
chala changa chachikulu chakuphazi chinali paganyu.
Mpira wa bwana ukagwera pathengo
ndinkaukankha mwakachetechete mpaka poyera,
iwo akuyang'ana mbalame, akuimba mluzu,
madzulo n'kundifumbatitsa ya sopo.
Tonse awiri tinkadziwa.
Palibe ananenapo sikisi.

Ndinalemba 6 pakatoni ndi khala,
dzanja likunjenjemera.
N'kuzizira uku, ndinawauza.

Tinazula mbendera,
poti mawa bwaloli ndi la mpira wamiyendo,
chitini tinavundikira ndi mwala waphanthiphanthi
kuti goloboyi asathyoke mwendo.
Magalimoto a ku Blantyre anali atayatsa kale nyali,
amayi apamsika akumanga madengu.
Lekereni anabwera pambali panga,
n'kugwira lamba wa chikwama:
"Ndinyamule, a kochi?"

Ndinachotsa dzanja lake pang'onopang'ono.
Ndinasolola ndodo ija ya mphira
n'kumupatsa.
Iwe tenga iyi, ukayesere kuseri kwa khola,
ubwere nayo Lachitatu.
Chikwama ndisenza ndekha,
phewa linazolowera.